Utatu, tchimo lobadwa nalo ndi chisomo: ziphunzitso zimenezi zinachokera kuti?

Chaka cha 2025 chinakumbutsa Akhristu mayina awiri akale. Mu May, Papa Leo XIV atangosankhidwa anadzitchula mwana wa Augustine Woyera, bishopu wakale wa kumpoto kwa Africa, popeza ndi wa chipani cha ansembe chotsata malamulo a Augustine. Mu November anapita ku Iznik m'dziko la Turkey kukapemphera limodzi ndi Patriarch Bartholomew wa mpingo wa Orthodox, pokumbukira kuti papita zaka 1700 chichitikire msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea, lomwe ndi dzina lakale la tauniyo. Nkhani zotere zikamveka, mtsutso wakale umadzukanso m'minibasi, pa wailesi ndi pa Facebook. Wina amati mawu oti Utatu mulibe m'Baibulo, anawapeka ndi mfumu ya Aroma. Wina amafunsa kuti khanda lobadwa dzulo lachimwa liti. Winanso amati ngati chipulumutso n'chaulere, tivutikiranji kuchita zabwino.

Mafunso amenewa si achibwana. Akhristu a zaka 400 zoyambirira anakangana nawo mpaka kuchotsana mumpingo, ndipo ambiri mwa okanganawo anali a mu Africa muno, ku Egypt, Libya, Tunisia ndi Algeria wa lero. Mbali zonse zinali ndi Malembo m'manja. Chinkavuta ndi kupeza mawu onenera tanthauzo lake, ndipo mawu ambiri anakawabwereka ku sukulu za Agiriki ndi Aroma.

Athens ndi Yerusalemu

Yesu ankalankhula Chiaramu, koma Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, chilankhulo cha pamsika ndi m'sukulu kum'mawa kwa ufumu wa Roma. Kumadzulo, ku Italy ndi kumpoto kwa Africa, ophunzira ankalemba Chilatini. Mnyamata wa banja lopeza bwino ankaloweza ndakatulo za Homer kapena Virgil, zodzaza ndi milungu yokwiya, yonama ndi yachigololo. Akakula ankaphunzira luso lolankhula pabwalo, ndipo ena ankapitirira ku filosofi, ndiko kuti kufufuza mafunso akuluakulu ndi nzeru za munthu: dziko linachokera kuti, chabwino n'chiti, mzimu umafa kapena ayi. Munthu wotere akabatizidwa, maphunziro akewo awasiye pakhomo kapena alowe nawo m'tchalitchi?

Tertullian wa ku Carthage, pafupi ndi mzinda wa Tunis, anayankha mwaukali cha m'ma 200. Anafunsa kuti pakati pa Athens, mzinda wa afilosofi a Chigiriki, ndi Yerusalemu pali ubale wanji, ndipo kwa iye ziphunzitso zambiri zosocheretsa zinkamera m'filosofi. Anzake ena anaona mosiyana. Justin, amene anaphedwa ku Rome cha m'ma 165 chifukwa cha chikhulupiriro, anapitiriza kuvala mkanjo wa afilosofi atatembenuka mtima, ndipo ankati choona chilichonse chimene Socrates kapena Plato ananena chinachokera kwa Mawu a Mulungu omwewo amene anadzakhala munthu mwa Yesu. Clement wa ku Alexandria ankati filosofi inali namkungwi wa Agiriki monga Chilamulo chinalili namkungwi wa Ayuda. Basil wa ku Caesarea analangiza anyamata kuti mabuku achikunja aziwawerenga ngati njuchi, imene sitera pa duwa lililonse, ndipo pomwe yatera imangotengapo chokoma. Augustine anapereka chitsanzo cha Aisraeli amene potuluka mu ukapolo ananyamula golide ndi siliva wa eni dziko, mafano n'kuwasiya. Mu 362 mfumu Julian, yemwe anasiya Chikhristu n'kubwerera ku milungu yakale, analetsa Akhristu kuphunzitsa mabuku amenewa, ndipo Akhristu ophunzira zinawapweteka kwambiri. Pofika nthawiyo mabukuwo anali atawayesa awoawo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Tertullian yemweyo, wodana ndi Athens, ndiye woyamba kudziwika kulemba mawu a Chilatini oti trinitas, amene ife timati Utatu, ndipo pofotokoza Mulungu anagwiritsa mawu a m'sukulu ndi a m'bwalo la milandu. Ife olankhula Chichewa zimenezi sitingazidabwe. Mayina oti Mulungu, Chauta ndi Namalenga analipo amishonale asanafike, ndipo omasulira Baibulo anachita kusankha. Pomwe Buku Lopatulika linalemba Yehova, Buku Loyera linalemba Chauta. Mawu akale akasenza katundu watsopano, ena amati afika naye bwino, ena amati amutaya panjira.

Mwana kapena cholengedwa?

Kuyambira pachiyambi Akhristu anagwira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anatengera kwa Ayuda kuti Mulungu ndi mmodzi, monga pa Deuteronomo 6:4. Komanso ankapemphera kwa Yesu, kumuimbira nyimbo, ndi kubatiza m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, monga pa Mateyu 28:19. Akunja ankawafunsa kuti, ndiye milungu yanu ndi ingati?

Cha m'ma 318 wansembe wa ku Alexandria dzina lake Arius, wochokera ku Libya, anapereka yankho losavuta kumva. Wopanda chiyambi ndi Atate yekha. Mwana ndi woyamba ndi wamkulu pa zonse, ndipo zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, koma iyenso ali ndi chiyambi. Panali pamene Mwana kunalibe. Mavesi anali nawo: Miyambo 8:22, Akolose 1:15, ndi Yohane 14:28 pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa iye. Chiphunzitso chake anachiika m'nyimbo zoti aziimba amalinyero ndi apaulendo. Bishopu wake, Alexander, anamutsutsa, ndipo mkangano unafalikira kum'mawa konse.

Mfumu Constantine inali italola Chikhristu mu 313, ndipo mu 324 inakhala yolamula ufumu wonse. Mpingo wogawanika unali chiopsezo ku mtendere wa dziko, choncho mu 325 inaitana mabishopu ku Nicaea. Mwambo wa mpingo umati analipo 318, pomwe akatswiri a mbiri amati anali ocheperapo. Ambiri anali a kum'mawa, ndipo ena anali ndi zipsera za mazunzo amene anayamba mu 303. Bishopu wa ku Rome sanapite, anatuma ansembe awiri.

Athanasius, yemwe analipo ngati dikoni wa Alexander, anadzalemba pambuyo pake chimene chinavuta pamsonkhanowo. Vesi lililonse limene mabishopu ankatchula, a mbali ya Arius ankalivomera, n'kulimva mwa njira yawo. Mukati Mwana ndi wochokera kwa Mulungu, iwo ankati inde, zinthu zonse n'zochokera kwa Mulungu. Mapeto ake anatenga mawu omwe mulibe m'Baibulo, homoousios. M'Chigiriki ousia ndi chimene chimachititsa chinthu kukhala chimene chili, monga umunthu wa munthu, ndipo homo ndi chimodzimodzi. Ankatanthauza kuti umulungu wa Mwana ndi womwewo wa Atate. Anawonjezeranso kuti Mwana ndi wobadwa, sanachite kulengedwa.

Kusiyana kwa kubadwa ndi kulengedwa kumamveka bwino mukaganiza za mayi woumba mbiya. Mbiya ndi ntchito ya manja ake, ingakongole chotani ndi dothi basi. Mwana amene wabereka ndi munthu ngati iye mwini. Arius ankaika Mwana kumbali ya mbiya, mbiya yoposa zonse. A ku Nicaea anamuika kumbali ya mwana. Fanizoli limaperewera pamodzi, chifukwa mayi amakhalapo mwana asanabadwe, pomwe a ku Nicaea ankati Atate sanakhalepo wopanda Mwana. N'chifukwa chake chivomerezo chawo chimati kuwala kochokera ku kuwala. Justin anali atagwiritsa kale fanizo la moto, ndipo aliyense amene anakapalapo moto kwa anansi akudziwa kuti moto wa kwa anansiwo suchepa, ndipo umene wabwera nawo ndi moto weniweni.

Aliyense ankateteza chinthu chamtengo wapatali kwa iye. Athanasius ankati cholengedwa sichingapulumutse cholengedwa chinzake, ndipo ngati Yesu ndi cholengedwa ndiye kuti Akhristu pomugwadira akupembedza fano. Otsutsa ankati akuteteza umodzi wa Mulungu. Ena mwa iwo sankagwirizana n'komwe ndi Arius, koma ankaopa mawu osapezeka m'Malembo, amene ankamveka ngati Mulungu ndi chinthu choti n'kuchigawa pawiri.

Mabishopu awiri okha a ku Libya ndiwo anakana kusaina, ndipo anathamangitsidwa limodzi ndi Arius. Apa ndi pamene pamachokera mawu akuti Utatu anaupeka ndi Constantine. Mphamvu ya mfumu inalipodi, chifukwa wokana ankataya mpando ndi mudzi. Koma Tertullian anali atalemba za Utatu zaka zoposa 100 msonkhanowo usanachitike, ndipo mphamvu ya mafumu inagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Constantine anabatizidwa mu 337 ndi Eusebius wa ku Nicomedia, bwenzi la Arius. Mwana wake Constantius anakondera otsutsa Nicaea. Athanasius, amene anakhala bishopu wa Alexandria mu 328, anachotsedwa mumzindawo kasanu asanamwalire mu 373. Za mabuku oyenera kulowa m'Baibulo, zimene ambiri amati zinagamulidwa ku Nicaea, sizinakambidweko. Nkhani ina yaikulu inali tsiku la Pasaka.

Mkanganowu sunali wa mabishopu okha. Gregory wa ku Nyssa anadandaula kuti ku Constantinople ukafunsa chenji, wosintha ndalama amakuuza za wobadwa ndi wosabadwa. Ukafunsa mtengo wa buledi, amakuyankha kuti Atate ndi wamkulu kuposa Mwana.

Mmodzi m'chiyani, atatu m'chiyani?

Amene anathandiza kumasula mfundoyi ndi mabishopu atatu a ku Cappadocia, m'dziko la Turkey la lero: Basil uja wa njuchi, mng'ono wake Gregory wa ku Nyssa, ndi mnzawo Gregory wa ku Nazianzus. Analekanitsa mawu awiri amene anthu ankawasakaniza. Ousia ikhale ya chimene chili chimodzi, umulungu. Hypostasis ikhale ya chimene chili patatu, Atate, Mwana ndi Mzimu, aliyense weniweni payekha. Chilatini chinati persona, ndipo m'Chichewa timavutika n'kunena kuti "anthu atatu", ngakhale kuti sitikunena anthu ngati ife. Mu 381 msonkhano wa ku Constantinople unatsimikiza za ku Nicaea n'kuwonjezera mawu onena za Mzimu Woyera, kuti apembedzedwe limodzi ndi Atate ndi Mwana. Chivomerezo chimene Akatolika ndi Aanglican amanena pa Misa, chimenenso mipingo ya Reformed imachivomereza, ndi cha 381 chimenechi, ngakhale timachitchula cha ku Nicaea.

Mwina munamvapo mlaliki akuyerekeza Utatu ndi mafuwa atatu pansi pa mphika umodzi. Fanizoli limathandiza mwana wa Sande sukulu, koma akale akanalikayikira, chifukwa fuwa limodzi ndi gawo chabe, pomwe iwo ankati aliyense mwa atatuwo ndi Mulungu wathunthu. Fanizo lina la munthu mmodzi amene ndi bambo kunyumba, mphunzitsi kusukulu ndi mkulu wampingo Lamulungu ndi chiphunzitso chimene chimatchulidwa ndi dzina la Sabellius, ndipo chinakanidwa Nicaea isanafike, popeza munthu mmodziyo sangapemphere kwa iye mwini monga Yesu anapempherera kwa Atate. Augustine anayesa kufanizira ndi mtima wa munthu, umene umakumbukira, kumvetsa ndi kufuna, zitatu m'moyo umodzi. Iye mwini anavomereza kuti timati atatu pofuna kuti tisangokhala chete, osati chifukwa mawuwo akwanira.

Mpaka lero alipo osavomereza. Asilamu amati Mulungu sabereka ndipo sanaberekedwe. Mboni za Yehova zimaphunzitsa kuti Yesu ndi woyamba kulengedwa, zomwe zimafanana ndi za Arius m'mbali zina ngakhale kuti mpingowo unayamba zaka za m'ma 1870 ku America. Ovomereza Utatu nawonso anasiyana: akumadzulo anawonjezera kuti Mzimu amachokera kwa Atate "ndi Mwana", akum'mawa anakana, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zinagawa Akatolika ndi a Orthodox.

Khanda lachimwa liti?

Nkhani ya tchimo ndi chisomo inapsa kwambiri kumadzulo, ndipo pakati pake pali Augustine. Anabadwa mu 354 ku Thagaste, tauni imene lero ndi Souk Ahras ku Algeria. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu wolimba. Iye anaphunzira luso lolankhula ku Carthage, ndipo buku la Cicero, mlembi wa Chiroma, ndi limene linamupatsa ludzu la nzeru ali ndi zaka 19. Anakhala zaka 9 m'chipembedzo cha Amanichee, chimene chinkati zoipa zimachokera ku mphamvu ya mdima yolimbana ndi Mulungu. Ali ku Milan, mabuku a otsatira Plato anamuthandiza kuganiza kuti choipa si chinthu cholengedwa, ndi kuwonongeka kwa chabwino, monga chibowo pa nsalu. Bishopu Ambrose anamubatiza mu 387. Atabwerera ku Africa anadzozedwa unsembe ku Hippo mu 391, mzinda umene lero ndi Annaba, ndipo patapita zaka zochepa anakhala bishopu wake.

M'buku lake la Confessions akusimba kuti ali ndi zaka 16 anapita ndi anzake usiku kukaba zipatso mumtengo wa mnansi. Njala analibe, kwawo kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo, ndipo zambiri anaziponyera nkhumba. Nkhani yaing'onoyi anaisinkhasinkha ali bambo wamkulu, chifukwa inamuonetsa kuti munthu angakonde cholakwa pa chifukwa chokha chakuti n'cholakwa. Afilosofi ambiri ankati munthu amalakwa chifukwa chosadziwa. Augustine ankadziwa bwino chabwino, koma osachichita, monga Paulo akunenera pa Aroma 7:19. Choncho anati vuto lili m'kufuna kwa munthu, kumene kunapindika kuyambira kwa Adamu.

Pelagius anali wochokera ku Britain, munthu wodziletsa, mlangizi wa mabanja olemera a ku Rome. Chinkamuwawa ndi Akhristu obatizidwa okhala motayirira n'kumati thupi ndi lofooka. Atamva pemphero la m'buku la Augustine lopempha Mulungu kuti apereke chimene akulamula, ndipo alamule chimene afuna, anakwiya. Kwa iye Mulungu wolungama sangalamule zosatheka. Ngati Yesu anati mukhale angwiro pa Mateyu 5:48, ndiye kuti n'zotheka. Mwana amabadwa woyera monga Adamu asanachimwe, ndipo tchimo limafala mwa kuonera ndi chizolowezi. Chisomo sankachikana, ankachiona m'ufulu wosankha umene Mulungu anatipatsa, m'malamulo, m'chitsanzo cha Yesu ndi m'kukhululukidwa kwa machimo akale.

Tingati kwa Pelagius munthu ali ngati wapaulendo wosochera amene miyendo yake ndi yabwinobwino. Mukamulozera njira, kuyenda ndi kwake. Kwa Augustine munthuyo ndi wodwala wogona pamphasa, njira akuiona koma kudzuka sangathe, ndipo chofunika ndi dokotala. Chisomo kwa iye ndi ntchito ya Mulungu mkati mwa mtima, yochiritsa kufuna kwenikweniko. Ankakonda funso la pa 1 Akorinto 4:7, lakuti uli ndi chiyani chimene sunachite kulandira, ndi mawu a Yesu pa Yohane 15:5 oti popanda iye sitingachite kanthu. Mawu a Chilatini gratia amanena za chinthu chopatsidwa popanda malipiro. Akatolika a kwathu anawamasulira kuti chaulere, monga m'pemphero la Tikuoneni Maria, pomwe mipingo ina imati chisomo.

Pa za makanda, Augustine anayambira pa zimene mpingo unkachita kale. Ngati timabatiza makanda kuti machimo akhululukidwe, ndipo khanda silinachite kanthu, ndiye kuti pali tchimo lobadwa nalo. Anatsamira pa Salimo 51:5 ndi Aroma 5:12. Pa vesi lachiwirili pali mfundo yofunika. Baibulo la Chilatini limene iye ankawerenga linkamveka kuti onse anachimwa "mwa Adamu", pomwe mawu a Chigiriki omasulira ambiri amawamva kuti imfa inafikira onse "chifukwa onse anachimwa". Otsutsa anali ndi Ezekieli 18:20, kuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake. Julian wa ku Eclanum, bishopu wa ku Italy amene anatsutsana naye mwamphamvu kuposa onse, ankati Mulungu woweruza makanda pa mlandu wa wina sangakhale wolungama. Augustine sanabwerere m'mbuyo. Anaphunzitsa kuti khanda lomwalira losabatizidwa silipulumuka, ngakhale chilango chake n'chopepuka koposa, ndiponso kuti Mulungu anasankhiratu amene adzawapatsa chisomo chopirira mpaka mapeto. Kwa mayi amene anaikapo khanda m'manda, amenewa si mawu a m'kalasi, ndipo mpingo wa Katolika lero umaphunzitsa kupereka ana otere ku chifundo cha Mulungu ndi chiyembekezo.

Mlanduwo unayenda mokhotakhota. Rome atagwa m'manja mwa Alaric, mfumu ya Agothi, mu 410, Pelagius ndi mnzake Caelestius anathawira ku Africa. Caelestius anatsutsidwa ku Carthage mu 411. Mu 415 sinodi ya ku Diospolis ku Palestine inapeza Pelagius wosalakwa. Papa Zosimus poyamba anamukomera mtima, koma mabishopu a ku Africa anaumirira, ndipo mu 418 msonkhano wa ku Carthage, mfumu Honorius ndi papa yemweyo anatsutsa chiphunzitsocho. Augustine anamwalira mu 430 asilikali a Vandal atazinga mzinda wa Hippo, ndipo chaka chotsatira msonkhano wa ku Ephesus unatsimikiza chigamulocho.

Pomwe tikukumana nazo lero

Kugonja kwa Pelagius sikunatanthauze kuti zonse za Augustine zalandiridwa. Amonke a kum'mwera kwa France, monga John Cassian, ankaopa kuti kusankhiratu kufooketsa khama la munthu. Msonkhano wa ku Orange mu 529 unavomereza kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso, koma unakana zoti Mulungu anasankhiratu ena kuti achite zoipa. Mipingo ya kum'mawa, imene sinkawerenga kwambiri Chilatini, imati kwa Adamu tinatengera imfa ndi kufooka, mlandu wake ayi.

Patapita zaka zoposa 1,000 Augustine atamwalira, Martin Luther, yemwe anali mmonke wa chipani cha Augustine, ndi John Calvin anadzutsanso mafunso omwewa. Kudzera mwa amishonale a ku Scotland ku Livingstonia ndi Blantyre, ndi a Dutch Reformed ku Nkhoma, maganizo a Calvin anafika m'makalasi a katekisimu a CCAP, pomwe Akatolika amawerenga Augustine yemweyo n'kutsindika kuti munthu amagwirizana ndi chisomo mwaufulu. Pa ubatizo mipingo inapatukana mwa njira ina. Akatolika, Aanglican ndi a CCAP amabatiza makanda, ngakhale zifukwa zawo sizifanana kwenikweni, pomwe a Baptist, a Seventh Day Adventist ndi mipingo yambiri ya Pentekosite imadikira kuti mwana akule adzavomereze yekha.